Khomo la Kuseri kwa Kasitomu

Mu Januwale 1790, aphungu a nyumba ya malamulo ya United States, yomwe panthawiyo inkakumana mumzinda wa New York, analandira kalata yochokera kwa woyendetsa sitima ya pamadzi wa ku Nova Scotia, dzina lake Christopher Saddler. Akasitomu a pa doko la Boston anali atamulanda sitimayo pamodzi ndi katundu amene inanyamula, ati chifukwa chophwanya lamulo la msonkho. Saddler sanakane mlandu. Iye anangoti lamulolo sankalidziwa, ndipo n'kutheka kuti ankanena zoona, poti linali lisanathe ndi chaka chomwe chilikhazikitsireni.

Aphunguwo anapereka kalatayo kwa nduna ya zachuma, Alexander Hamilton, kuti aione. Yankho lake linabwera pa 19 Januwale. Hamilton anati munthuyu amumvere chisoni, koma sanalekere pomwepo. Anawauza kuti Saddler sanali yekha: anthu ena anali atalandidwa kale katundu wambiri chifukwa cha kusadziwa kapena kuphonya mwangozi, ndipo nyumba ya malamulo sikanatha kumasiya ntchito zake n'kumaweruza kalata iliyonse yotere. Panafunika munthu kapena ofesi yopatsidwa mphamvu yochepetsa chindapusa, kapena kuchichotseratu, pamene zikuoneka kuti wolakwayo analibe mtima wobera boma.

Nkhawa ya Hamilton inali ndi maziko. Boma latsopanolo linali ndi ngongole zankhaninkhani za nkhondo yomenyera ufulu, ndipo pafupifupi ndalama zake zonse zinkachokera ku msonkho wa katundu wolowa pa madoko. Msonkho wa pa malipiro kunalibe. N'chifukwa chake malamulo a kasitomu a mu 1789 anali aukali kwambiri. Kutsitsa katundu usiku popanda chilolezo, kapena kusiya bokosi limodzi pa mndandanda wa katundu wa m'sitima, kunali kokwanira kuti munthu ataye katunduyo, mwinanso ndi sitima yomwe. Boma silinkafunika kutsimikiza kuti mwini wake anali ndi cholinga choipa. Mlandu unkakhala wa katunduyo, osati wa munthu, ndipo mpaka lero milandu yotere ku America imalembedwa ngati kuti boma likutsutsana ndi galimoto kapena mpukutu wa ndalama.

Lamulo lotere limagwira wozembetsa katundu, inde, koma limakokolanso wosadziwa. Ndipo Hamilton ankadziwa kuti amalonda akayamba kuona boma ngati chilombo cholusa, adzayamba kuzembetsa katundu monga ankachitira mu ulamuliro wa Britain, pamene kupusitsa akasitomu kunali ngati chinthu chonyaditsa. Iye sanafune kufewetsa lamulolo. Anafuna kuti likhalebe loopsa, koma likhale ndi khomo la kuseri.

Khomolo linatsegulidwa pa 26 Meyi 1790. Wolandidwa katundu ankalemba dandaulo lake kwa woweruza wa khoti la m'dera lake. Woweruzayo ankaitana loya wa boma ndi onse amene akanapindula ndi chilangocho, n'kumva mbali zonse mwachidule, kenako n'kulemba zimene wapeza ndi kuzitumiza kwa nduna ya zachuma. Chigamulo chinali cha ndunayo. Ikaona kuti panalibe kunyalanyaza mwadala kapena cholinga chobera boma, inali ndi ufulu wobweza zonse, kubweza gawo chabe, kapena kuika mfundo zimene wodandaulayo ayenera kukwaniritsa kaye. Lamuloli analikonzanso mu 1797, ndipo mawu ake ofunika, onena za kunyalanyaza mwadala ndi cholinga chobera, adakalipo m'malamulo a dzikolo.

Munthu angaganize kuti nduna imene ikusakasaka ndalama ikanaumira, osabweza kanthu. Zolembedwa za nthawiyo zikusonyeza zina. Katswiri wa mbiri ya malamulo, Kevin Arlyck, anafufuza madandaulo a zaka zoyambirirazo, ndipo mu 2019 anafalitsa zimene anapeza: Hamilton ndi nduna zimene zinamutsatira zinachepetsa kapena kuchotseratu chilango pa madandaulo oposa 90 mwa 100 alionse amene anawafika. Kawirikawiri wodandaula ankangouzidwa kuti alipire msonkho umene unayenera kulipidwa ndi ndalama zimene khoti lawononga, basi n'kutenga katundu wake.

Koma chifundochi sichinkasangalatsa aliyense, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Katundu akalandidwa n'kugulitsidwa, boma linkatenga theka lokha la ndalamazo. Theka linalo linkagawidwa kwa akuluakulu atatu a kasitomu a pa dokolo, ndipo ngati panali wina amene anawatsina khutu, iyenso ankadya nawo. Cholinga chinali chakuti akasitomu azikhala tcheru, asamalandire ziphuphu, poti kugwira wozembetsa kunkawapindulira kuposa kumutsinzinira. Zotsatira zake zinali zakuti nthawi iliyonse nduna ikakhululukira wamalonda, inkakhala ikuchotsa ndalama m'thumba la wantchito wake yemwe.

Nkhaniyi inafika ku khoti lalikulu la Supreme mu 1825, pa mlandu wa United States v. Morris. Akuluakulu a kasitomu a pa doko la Portland anati khoti linali litagamula kale kuti katundu alandidwe, choncho gawo lawo linali lawo ndithu, ndipo nduna inalibe mphamvu yolikhululukira. Khoti linawagwetsa. Linati malinga ndalamazo zisanaperekedwe kuti zigawidwe, nduna ikhoza kukhululukira zonse, za boma ndi za akasitomu zomwe.

Chiyeso chachikulu cha mphamvuyi chinali chitachitika kale zaka zingapo m'mbuyomo. Kuyambira mu 1811, United States inaletsa katundu wa ku Britain kulowa m'dzikolo, pofuna kukakamiza Britain kuti ichotse malamulo ake osokoneza sitima za ku America. Pa 23 Juni 1812 Britain inachotsadi malamulowo. Amalonda a ku America amene katundu wawo anali ataunjikana m'madoko a ku England anapita kwa woimira dziko lawo ku London, Jonathan Russell, ndipo iye anawauza kuti akhoza kupakira, poti chiletso chija chinali chitatsala pang'ono kutha. Palibe mwa iwo amene ankadziwa kuti masiku asanu m'mbuyomo, pa 18 Juni, dziko lawo linali litalengeza nkhondo ndi Britain. Uthenga unkatenga milungu ingapo kuti uwoloke nyanja ya Atlantic.

Sitimazo zinafika zitadzaza nsalu, zitsulo ndi ziwiya za ndalama pafupifupi $18 miliyoni, ndipo akasitomu anazigwira. Makhoti analola eni ake kutenga katunduyo atasainira chikole, ndipo popeza zinthu za ku Britain zinali zitasowa kwa nthawi yaitali, anazigulitsa pa mtengo wokwera zedi. Nduna ya zachuma, Albert Gallatin, inagwira njakata. Inali ndi mphamvu yokhululuka, koma inalinso ndi nkhondo yofuna ndalama. Gallatin anaitula nkhaniyo ku nyumba ya malamulo, ndipo maganizo ake anali akuti boma lisalande zonse, koma lidyeko gawo la phindu lalikulu lija. Aphungu ena a chipani chake chomwe, monga Langdon Cheves ndi John C. Calhoun a ku South Carolina, anamutsutsa: ngati anthuwa ndi osalakwa, akhululukidwe kwathunthu, mphamvu yokhululuka isasanduke njira yopezera ndalama. Mavoti anatha 64 kwa 61, ndipo pa 2 Januwale 1813 lamulo lokhululukira amalondawo linasainidwa. Boma linangotsala ndi msonkho wake wa masiku onse, pafupifupi $5 miliyoni, zomwe sizinali zochepa kwa dziko limene linali pa nkhondo.

Nanga khomo la kuseri limathandiza chiyani ngati munthu aopsezedwa mpaka osalifika n'komwe? Funsoli linaonekera poyera ku New York patadutsa zaka 60.

Doko la New York panthawiyo linkatolera msonkho wochuluka kuposa madoko ena onse a m'dzikolo kuwaphatikiza, ndipo udindo wa mkulu wotolera msonkho kumeneko unali mphoto yonona kwambiri imene chipani cholamula chinkapereka kwa anthu ake. Kuyambira kumapeto kwa 1871 pa mpandowo panali Chester A. Arthur. Lamulo la nthawiyo linkati ngati mtengo wa chinthu chimodzi chokha walembedwa motsika pa invoisi, katundu yense wa pa invoisiyo akhoza kulandidwa. Akasitomu analinso ndi mphamvu yolowa mu ofesi ya kampani n'kunyamula mabuku ndi makalata ake onse.

Chakumapeto kwa 1872, munthu wina amene ankagwira ntchito ku kampani ya Phelps, Dodge & Co., yoitanitsa malata ndi zitsulo zina kuchokera ku Britain, anatsina khutu wofufuza wapadera wa unduna wa zachuma, B. G. Jayne. Kampaniyi sinali ya anthu wamba. Mkulu wake, William E. Dodge, anali pulezidenti wa bungwe la amalonda la New York, mkulu wa mpingo, wodziwika ndi ntchito zachifundo. Jayne anatenga mabuku a kampaniyo, n'kuuza eni ake kuti wapeza mainvoisi olembedwa mitengo yotsika, ndipo katundu woyenera kulandidwa ndi wa $1.75 miliyoni. Sanawauze kuti msonkho weniweni umene boma linataya unali wochuluka bwanji.

Dodge anachita mantha, osati ndi ndalama zokha koma ndi manyazi. Kupita kukhoti kukanatanthauza kuti dzina la kampani likhale m'nyuzipepala kwa miyezi, mabuku ake ali m'manja mwa boma, malonda ataima. Anavomera kukambirana, ndipo kumayambiriro kwa 1873 kampaniyo inalipira $271,017 kuti nkhani ithe. Pambuyo pake mpamene zinadziwika kuti msonkho umene boma linataya unali pafupifupi $1,660 yokha. Pa dola imodzi iliyonse imene inasowa, kampaniyo inalipira madola oposa 160. Theka la ndalamazo linapita kwa ogawana aja. Arthur yekha analandira pafupifupi $22,000 pa mlandu umodzi wokhawu.

Akasitomu akanatha kunena kuti anachita chifundo, poti anatsitsa chilango kuchoka pa $1.75 miliyoni. Umu ndi mmene kuchepetsa chindapusa kumasandukira chida choopsezera: amene akutchula chiwerengero choopsacho ndi yemweyo amene akulonjeza kuchitsitsa, ndipo ndi yemweyonso amene adzadye gawo la zimene zitsale.

Dodge atazindikira kuti anamugwiritsa fuwa la moto, anapita ku Washington kukafotokoza zonse pamaso pa komiti ya aphungu yoona za misonkho. Amalonda ena amene anali atalipira mwakachetechete analimba mtima n'kuyankhulanso. Pa 22 Juni 1874 panakhazikitsidwa lamulo lothetsa mchitidwe wogawana chindapusa pakati pa akuluakulu a kasitomu. Lamuloli linatinso katundu asamalandidwe pokhapokha khoti litapeza kuti panalidi cholinga chobera boma, ndipo cholandidwa chizikhala bokosi kapena mtolo umene muli chinthu cholakwikacho, osati invoisi yonse. Arthur, amene ankapeza ndalama zoposa $50,000 pa chaka, zofanana ndi malipiro a pulezidenti wa dzikolo, anatsala ndi malipiro a $12,000. Sizinamugwetse chagada: mu 1881 anakhala pulezidenti iyeyo, ndipo chodabwitsa n'chakuti ndi amene anasainira lamulo la mu 1883 lokonza kalembedwe ka anthu ogwira ntchito m'boma. Otsina khutu amene si antchito a boma sanaiwalidwe. Mpaka pano akhoza kupatsidwa mpaka 25 peresenti ya zimene boma lapeza, koma osapitirira $250,000 pa mlandu umodzi.

Lero mphamvu imene Hamilton anapempha ili mu gawo 618 la lamulo la misonkho la mu 1930, ndipo pa nkhani zambiri amaigwiritsa ntchito ndi a U.S. Customs and Border Protection, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2003. Woweruza wa khoti sakhalaponso pakati. Katundu akagwidwa, mwini wake amalandira kalata yofotokoza lamulo limene akuti waphwanya, ndipo amauzidwa kuti asankhe: kulemba dandaulo, kupereka ndalama yoti agwirizane, kuusiya katunduyo, kapena kupempha kuti nkhani ipite kukhoti. Wosankha dandaulo amakhala ndi masiku 30 ngati walandidwa katundu, kapena masiku 60 ngati wangolamulidwa chindapusa. Dandaulolo limapita kwa mkulu woona za zindapusa ndi zolandidwa pa doko lomwelo. Sikufunika loya, ngakhale makampani akuluakulu sayerekeza kulemba okha.

Zimene mkuluyo amayang'ana n'zolembedwa poyera. Kodi akasitomu eni ake anathandizira kulakwitsako popereka malangizo olakwika? Kodi munthuyo anathandiza ofufuza kuposa mmene lamulo limamukakamizira? Anakonza msanga cholakwacho? Ndi wachilendo pa ntchito yoitanitsa katundu, kapena ali ndi mbiri yabwino ya zaka zambiri? Ngakhale umboni woti sangakwanitse kulipira amaumva. Kunama, kubisa mapepala kapena kugwidwa kachiwiri pa mlandu womwewo kumatembenuza zonsezi. Chilango chenichenicho chili ndi masitepe: wolakwitsa mosasamala akhoza kulipira mpaka kuwirikiza kawiri msonkho umene boma lataya, wonyalanyaza kwambiri kuwirikiza kanayi, ndipo wachinyengo mtengo wonse wa katunduyo. Amene wadziulula yekha boma lisanayambe kumufufuza, ngati panalibe chinyengo, amangobweza msonkhowo ndi chiwongoladzanja. Mankhwala ozunguza bongo ndi zinthu zina zoletsedweratu, izo sizibwerera, kaya kalatayo yalembedwa mogwira mtima chotani.

Mmene zimayendera zikuoneka bwino pa nkhani ya John Von Neumann. Bamboyu anagula galimoto yapamwamba ya Jaguar Panther ku Switzerland, n'kuitumiza pa sitima ku Vancouver m'dziko la Canada. Mu Januwale 1975 anaiyendetsa kulowa mu United States pa chipata cha Blaine, m'chigawo cha Washington, osanena kwa akasitomu kuti ndi yogula kunja. Anamulanda. Tsiku lomwelo analemba dandaulo, kunena kuti analibe cholinga chozemba msonkho. Patapita milungu iwiri anapereka chikole cha $24,500, mtengo wa galimotoyo, n'kuitenga. Pa tsiku la 36 yankho linabwera: chilango chatsitsidwa kufika pa $3,600.

Ambiri akanangothokoza. Von Neumann anakasuma, kunena kuti masiku 36 anali ochuluka moti ufulu wake unaphwanyidwa, ndipo mlanduwo unakwera mpaka ku khoti la Supreme. Mu 1986 khotilo linamukanira. Linati dandaulo kwa akasitomu si mlandu woweruzidwa. Ndi njira yachidule imene boma limapereka mwa kufuna kwake, ndipo chitetezo chenicheni cha mwini katundu chili pa mlandu wa kukhoti, umene akhoza kuufuna nthawi iliyonse. Pa mlandu wina wa mu 1983, khoti lomwelo linatchula kuti pa zolandidwa 100 zilizonse, pafupifupi 90 zinkathera ku dandaulo lotere, ndipo pa madandaulo anayi alionse, atatu ankapezako mpumulo.

Ziwerengerozi n'zokoma kuzimva, koma zikubisa kanthu. Amene walemba dandaulo amakhala akupempha chisomo kwa bungwe lomwe lamulanda, ndipo akakanidwa, makhoti kawirikawiri sasanthula ngati kukanako kunali koyenera. Akhoza kulembanso dandaulo lachiwiri, koma likupitabe ku bungwe lomwelo. Ndipo amene wabwezeredwa katundu nthawi zambiri amalipira ndalama zosungira katunduyo ndi kusainira pepala lolonjeza kuti sadzasumira boma. Kwa wamalonda wamng'ono amene katundu wake akuwonongeka m'nyumba yosungiramo, kusankha pakati pa chindapusa chochepetsedwa lero ndi mlandu wa zaka ziwiri si kusankha kwenikweni. Ambiri amalipira ngakhale akukhulupirira kuti sanalakwe.

Malire ena anaikidwa ndi makhoti. Mu Juni 1994, agalu onunkhiza pa bwalo la ndege la Los Angeles anapeza ndalama m'masutikesi a Hosep Bajakajian, amene ankapita ku Cyprus ndi banja lake. Zonse pamodzi zinali $357,144. Kutuluka ndi ndalama si mlandu ku America, koma kusanena ngati zapitirira $10,000 ndiye mlandu. Boma linafuna kulanda zonse. Woweruza anapeza kuti ndalamazo zinali zoyera, zokabwezera ngongole, ndipo analamula kuti zilandidwe $15,000 zokha, kuwonjezapo chindapusa cha $5,000. Boma linachita apilo mpaka ku khoti la Supreme, ndipo mu 1998 oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anati kulanda ndalama zonsezo kukanakhala chilango chopyola muyeso, chotsutsana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Aka kanali koyamba kuti khotilo likanize chindapusa pa chifukwa chimenechi.

Mfundo zimene Amereka anazipeza movutikira chonchi zinalowa m'mapangano a mayiko. Pangano la bungwe la World Trade Organization lofewetsa kayendedwe ka malonda, limene linayamba kugwira ntchito pa 22 Febuluwale 2017, lili ndi ndime yonena za zilango za kasitomu. Limati chilango chizigwera okhawo amene alakwa, chizilingana ndi kukula kwa cholakwacho, ndipo wolangidwa azipatsidwa kalata yofotokoza lamulo limene waphwanya. Limalimbikitsa mayiko kuti azichepetsera chilango munthu wodziulula yekha. Limafunanso kuti pasakhale dongosolo lopatsa wantchito wa kasitomu chifukwa cholakalakira chindapusa chachikulu, lomwe ndi vuto lija limene linadyetsa Arthur ndi anzake. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse anavomereza panganoli, choncho ndimeyi ikukhudzanso dalaivala wa thiraki amene katundu wake wagwidwa pa chipata cha Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe, ndi mayi wa geni amene a Malawi Revenue Authority amupeza ndi katoni imene sinalembedwe pa fomu.